Chaka Chimene Tinakweza Benchi ku Michesi

Amalume anabwera kuchokera ku Mangalande ndi ndodo ziwiri zachitsulo. Zinali zopepuka ngati bango, zogwirira zake zakuda ndi zofewa, ndipo ukazipotokola pakati zinkalowana n'kufupika mpaka kukwana m'chikwama. Ndimazikumbukira kuposa nkhope ya mwiniwake tsiku limenelo, mwina chifukwa ndine ndinazinyamula kuchokera pamsewu pamene wakabaza wa ku Migowi anawatsitsa. Anthu amene anabwera kudzawalonjera ankaziyang'ana ndodozo mwachisoni, ndipo mayi wina wachikulire anafunsa amayi chonong'ona ngati achimwene awo anachita ngozi kunjako. Amalume anamva. Anaseka n'kunena kuti miyendo yawo ilibe vuto, ndodozo n'zokwerera mapiri. Palibe amene anaseka nawo. Kwathu phiri timakwera ndi nkhwangwa.

Ndinali mtsikana wa sitandade faifi. Inali nyengo yachisanu, chimanga titakolola kale, nandolo asanakhwime, nthawi imene madzi a pamjigo amaluma zala m'mawa. Pakhomo tinalipo amayi, ine ndi ang'ono anga awiri. Bambo anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Mozambiki, ndipo kubwera kwawo kunkatalikiranatalikirana mpaka tinasiya kuwatchula. Mudzi wathu uli m'tsinde mwa phiri la Michesi, pafupi kwambiri moti dzuwa limachedwa kutipeza. Amalume ndiwo anali mwini mbumba, koma ine ndinali ndisanawaonepo. Anachoka ndisanabadwe, anakhala ku Blantyre zaka zingapo, kenako kunangomveka kuti akwera ndege.

Mudzi unkayembekeza malata, kapena chigayo, kapena njinga yamoto. Iwo anabweretsa zitenje, mabulangete, nsapato zathu za kusukulu, ndi mafuta opaka pamsana amene anali awo omwe. Anthu anakhumudwa ndipo sanabise. Inenso ndinakhumudwa, poti mwana amangotengera nkhope za akulu. Lero, pamene ndimaimirira tsiku lonse m'sitolo ku Limbe n'kufika kunyumba mapazi atatupa, ndikudziwa chimene munthuyo ankachita kunjako. Ankagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, kuwanyamula popita kuchimbudzi. Msana wawo unathera pamenepo. Podzuka pampando ankayamba agwira m'chiuno n'kuwongoka pang'onopang'ono, ngati munthu amene wangotula thumba la simenti.

Masana tikatha kudya ankatulutsa kamera n'kumationetsa zithunzi pakagalasi kake. Ife tinkafuna kuona nyumba zosanja ndi sitima zoyenda pansi pa nthaka. Iwo ankationetsa mapiri. Anali mapiri osaopsa, obulungira ngati mizere ya mbatata, okutidwa ndi kapinga mpaka pamwamba, nkhosa zitamwazikamo ngati thonje. Munali mipanda ya miyala, ndi tinjira tokhala ndi zikwangwani zoloza kumene ukupita. Chithunzi china chinali cha phompho loyera ngati ufa, nyanja ili pansi pake. China chinali cha phiri limene anthu akale anapalapo kapinga n'kujambula hatchi yaikulu yooneka uli kutali. Anati tsiku lopuma likafika ankakwera basi okhaokha kupita kumeneko, ndipo ankapeza anthu ambiri, ena okalamba kuposa amene ankawasamalira, akukwera ndi ndodo ngati zawozo.

Amayi ankamvetsera akusankha kalongonda m'lichero, osadzutsa mutu. Tsiku lina anafunsa kuti anthuwo akafika pamwamba amatengako chiyani. Amalume anati satengako kanthu. Amakhala pansi, kumwa tiyi wa m'fulasiki, kuyang'ana dziko, n'kutsika.

“Ndiye kuti sanatope,” anatero amayi, n'kupitiriza kusankha.

Kwa ife phiri linali ntchito. Loweruka lililonse tinkanyamuka mame asanaume, amayi patsogolo ndi nkhwangwa, ine pambuyo ndi zingwe. Nkhuni za pafupi zinatha kalekale, choncho chaka ndi chaka tinkakwera motalikirako. Makutu ankakhala kwa alonda a nkhalango, amene akakupeza ankalanda nkhwangwa. Potsika mtolo unkakanikiza khosi mpaka mano kulumana okha, mawondo akunjenjemera, ndipo sunkayang'ana kumbali. Unkayang'ana pamene phazi likagwere. Ndinakwera phiri limenelo kambirimbiri ndisanadziwe kuti uli m'mwambamo umatha kuona nyanja.

Panali malo amodzi amene amayi sankayandikirako. Ankaoneka bwino uli pakhomo pathu: mzere wofiirira wotsika kuchokera m'mwamba mwa phiri ngati chipsera pamsana pa munthu, mitengo yake yaifupi kuposa ina yonse. Ndimo munadutsa napolo, ine ndisanabadwe. Mvula inagwa osaleka, phiri linang'ambika, ndipo madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsikira pamodzi n'kufafaniza mbali ina ya mudzi. Agogo, amene anabereka amayi ndi amalume, anali m'nyumba akudwala malungo. Amayi, akadali mtsikana, anali atapita kuchigayo. Amalume anali ku sekondale yogonera konko. Thupi la agogo silinapezeke, ndipo manda awo kulibe. Zimenezi sindinazimve kwa amayi. Ndinazitola pamjigo, chidutswachidutswa, kwa anthu amene ankaleka kulankhula akandiona.

Amalume anayamba ndi timapiri tating'ono ta m'munsi. Amayi anati ndiziwaperekeza ndikaweruka kusukulu, chifukwa njira zimene iwo ankazidziwa ali mnyamata zinasanduka minda. Sindinakondwe nazo. Ndinkakhala nditatunga kale madzi, nditasesa, nditatsuka mbale, ndipo miyendo yanga inkafuna mphasa. Iwo ankayenda patsogolo, ndodo zikugogoda pamiyala, ana akutitsatira n'kumaseka mpaka kumapeto kwa mudzi. Tikafika pamwamba ankakhala pamwala, kutsegula fulasiki, n'kunena mawu omweomwewo: “Taona.” Ndinkayang'ana. Ndinkaona minda ya nandolo, utsi, madenga a udzu, fumbi la minibasi pamsewu wa ku Migowi. Zonsezo ndinkazidziwa kale. Chatsopano kwa ine chinali kutalika kwa njira yobwerera.

Pamwamba pomwepo ndi pamene ankalankhula, ndipo sindikhulupirira kuti ankauza ine kwenikweni. Anati m'tauni imene ankakhala unkatha kuyenda sabata yathunthu osapatsidwa moni, koma kumapiri mzungu ankayamba yekha kukulonjera mukakumana pakanjira. Anati nthawi zina ankapitako atachezera kuntchito, maso akuwawa, chifukwa m'chipinda chimene ankagona ndi amuna anzawo tulo sitinkabwera. Kenako anandiuza za mabenchi. Pamalo pamene dziko limaoneka bwino, anati, anthu akumeneko amaika benchi yolembedwa dzina la m'bale wawo amene anamwalira, kuti wodutsa aliyense apumirepo. Anakhalapo pa mabenchi ambiri otero, akuwerenga mayina a anthu osawadziwa. Atanena zimenezo anatembenukira ku chipsera chija n'kuchiyang'anitsitsa mpaka ine ndinayamba kuphwanya timitengo posowa chochita.

Munthu yekhayo amene anawamvetsa anali aphunzitsi athu. Anapita nafe kamodzi atavala nsapato za kutchalitchi, ndipo anabwerako zitayasama kutsogolo. Lolemba lake anandiimika pamaso pa kalasi, n'kunena kuti alendo amachoka kutali kudzaona mapiri athu pamene ife eni ake timangodutsa titazolika mitu. Anandiuza kuti ndifotokozere anzanga chimene ndinaona pamwamba. Ndinati ndinaona kuti kwathu n'kutali. Kalasi inaseka, aphunzitsi anandiuza kuti ndikhale pansi. Mpaka lero ndimaona kuti ndinayankha zoona.

Maganizo awo enieni amalume anawaulula tsiku lina masana, amayi akusinja makaka, chinangwa chouma chija. Anati akufuna kukhometsa benchi kwa kalipentala ku Migowi, alembepo dzina la agogo, akaiike pamutu pa chipsera pamene napolo anayambira. Anati munthu sangangotha popanda malo ake, ndipo ankafuna tipite tonse. Munsi wa amayi unaima. Anayankha m'Chilomwe, monga ankachitira akafuna kuti ife ana tisamve, ndipo ine Chilomwe ndinkangochimva pang'ono. Anakangana nthawi yaitali osakweza mawu. Ndinatolapo za matope, za makasu, ndi dzina la agogo. Kumapeto amayi anabwerera ku Chichewa, mwina osazindikira.

“Achimwene, inu munafika anthu atasiya kukumba. Ine phirili ndimaliona ndikangotsegula chitseko. Musandiphunzitse kuliyang'ana.”

Ananyamulanso munsi. Amalume anakhalabe pomwepo kanthawi, akuyang'ana manja awo, kenako analowa m'nyumba. Kwa zaka zambiri ndinkati amayi ndiwo ananena zoona, amalume anali mlendo wobwera ndi miyambo ya eni ake. Tsopano sindifulumira kuweruza choncho. Munthu amene analibepo pa tsiku loipa amanyamulanso zake, ndipo alibe womuthandiza kutula, chifukwa aliyense amamuona ngati wopulumuka.

Benchi inabwerabe, itamangidwa pakaliyala wa njinga. Inali yaifupi, yokwana anthu awiri, ya matabwa a bulugama osauma bwino, yolemera kuposa maonekedwe ake. Dzina la agogo kalipentala analilemba ndi chitsulo chamoto pathabwa lotsamira, ndipo linkanunkha kupserera. Inakhala pakhonde masabata angapo. Ang'ono anga anaisandutsa basi, nkhuku zinkakwerapo. Amayi sanakhalepo ngakhale kamodzi. Ankailambalala, ndipo posesa ankadutsitsa tsache mozungulira miyendo yake osaisuntha. Amalume anapempha anyamata a m'mudzi kuti awathandize kuikweza, koma onse anapeza zifukwa. Kumeneko ndi njira ya napolo, ndipo anthu sakwerako mwachisawawa.

Tsiku lobwerera ku Mangalande litayandikira, amalume anati apita okha. Linali Loweruka la nkhungu, phiri losaoneka n'komwe. Anamanga benchi ndi malamba a chikwama n'kuibereka kumsana, ndodo m'manja monse muwiri. Amayi anawayang'ana akutuluka pabwalo. Atazimiririka kuseri kwa nthochi, anatenga nkhwangwa ndi zingwe n'kundiuza kuti nkhuni zatha, tiye. Nkhuni zinali zisanathe. Mulu unalipo kuseri kwa khitchini, ndipo ndinafuna kuwakumbutsa, koma nkhope yawo inandiletsa.

Tinayenda monga mwa masiku onse mpaka pamphambano pamene tinkakhotera kumanzere. Tsikulo amayi anapitirira molunjika, motsata timabowo ta ndodo za amalume m'dothi lonyowa. Njirayo inali yakufa. Tsekera ankatimenya kumaso ndi mame ozizira, chisoso chinamatirira diresi yanga yonse, ndipo kumtunda anyani ankakuwa osaoneka. Ndinali ndi njala, ndinali ndi mantha, koma chachikulu ndinali wotopa, kutopa kwa mwana amene sanafunsidwe ngati akufuna kupita.

Amalume tinawapeza atakhala pansi m'mbali mwa chigwembe, benchi itagwera chammbali m'udzu. Nkhope yawo inali itatuwa, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira. Atationa anayesa kudzuka, msana unakana. Anauza amayi kuti akungopuma pang'ono. Amayi anawayang'ana, anayang'ana benchi, anayang'ananso kumtunda kumene nkhungu inameza njira. Anandipatsa nkhwangwa kuti ndiike pansi. Anavula chitenje chapamwamba, anachipinda kukhala nkhata, n'kugwada pafupi ndi benchiyo.

“Nditwike,” anandiuza.

Amalume anati ayi achemwali, musatero, koma amayi anali ataika kale nkhata pamutu. Tinaitembenuza miyendo m'mwamba, ine ndinagwira mbali imodzi, ndipo anaimirira nayo monga ankaimirira ndi mtolo uliwonse, khosi litauma, maso pansi. Anayamba kukwera. Dzanja limodzi linagwira thabwa, lina linkafufuza mizu ndi miyala. Ndinali kumbuyo kwawo, ndipo chimene ndimakumbukira ndi zidendene zawo zong'ambika zikugwira mwala wonyowa, ndi mpweya wawo ukulira ngati mluzu m'khosi. Sanapume. Pamtunda wotero ukatula katundu sungamusenzenso. Amalume ankatitsatira patali, akudzikoka ndi ndodo zawo, ndipo kugogoda kwake kunkamveka kukucheperachepera m'nkhungu.

Pamutu pa chipsera panali thanthwe losalala, ndipo pansi pake phiri linali lobooka ngati china chake chinalumapo. Tinatula pamenepo. Amayi anakhala chiimire, manja m'chiuno, mpaka mpweya unabwerera. Amalume anafika dzuwa litayamba kuwotcha nkhungu. Anakwawa ndi mawondo n'kumapanikiza miyala pansi pa miyendo ya benchi kuti isagwedere, kenako anapemphera mawu ochepa amene mphepo inatenga. Pamene tinkatsegula maso dziko linali litavundukuka. Anayamba kundilozera ndi ndodo: chigwa chonse cha Phalombe chitayala ngati mphasa, nyanja ya Chilwa ikunyezimira patali ngati lata latsopano, mapiri otuwa a ku Mozambiki kumene makolo athu anachokera, ndi Mulanje kumbali kwathu, mitambo itakhala pamapewa pake. Ndivomere, kunali kokongola. Koma ndinazindikira zimenezo patapita zaka. Tsikulo ndinkangoyang'ana bisiketi m'thumba la amalume.

Anapempha amayi kuti akhale. Amayi anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, ngati munthu wobwera kudzabwereka moto. Nyanja sanaiyang'ane. Maso awo anatsika ndi chipsera, kutsata miyala, mpaka kumunsi kumene miyala ikuluikulu inagona pakati pa minda ya nandolo. Anayang'ana pamenepo nthawi yaitali, kenako analoza ndi chibwano pamene panali nyumba ya agogo.

“Chitseko chinkayang'ana kuno,” anatero.

Ndi mawu okhawo amene ananena pamwamba paja. Amalume anawathirira tiyi, koma sanamwe. Anasunthira m'kati pang'ono, anatsamira, ndipo posakhalitsa mutu wawo unagwera pathabwa lolembedwa lija, kukamwa kuli pululu. Anagona. Ndinachita manyazi kuti munthu angakwere phiri lonselo kudzagona, ndipo ndinafuna kuwagwedeza, koma amalume anandigwira dzanja. Tinakhala pathanthwe, tiyi akuzizira m'kapu, khwangwala akuzungulira pansi pathu. Ndinali ndisanawaonepo amayi akugona dzuwa lili m'mwamba. Nkhope yawo inaoneka yachilendo, yosalala, ngati ya mtsikana amene sindinkamudziwa.

Anadzuka modzidzimuka, anayang'ana pamene dzuwa lafika, n'kudandaula kuti ana kunyumba sanadye. Potsika anadula nkhuni, pakuti kumeneko zinali zambiri, anthu osazikhudza. Anamanga mtolo wawo ndi wanga. Tinafika pakhomo amalume akadali m'phiri, ndipo atafika anagona pamphasa masiku angapo, amayi akuwapaka mafuta aja pamsana ndi manja omwe anasenzera benchi. Za pamwamba paja sanakambirane, kapena anakambirana ine palibe. Atawongoka ananyamuka. Wakabaza anawatenga m'mawa, ndipo amalume anatisiyira foni kuti tizilankhulana.

Benchi sinakhalitse, inabedwa. Nandolo asanathe kukololedwa tinapeza pathanthwe patatsala miyala imene amalume anapanikizira miyendo, ndi timabala pamene thabwa linakhuzika poikoka. Mwina inakakhala pakhonde la munthu kuseri kwa phiri, mwina inaphikira kachasu. Ndinayembekeza kuti amayi akalipa, kapena anene kuti ananeneratu. Anangotola mwala umodzi, kuutembenuza m'manja, n'kuubwezera pamalo pake. Amalume akaimba foni ankafunsa za ife, za sukulu, za mvula, ndipo kumapeto ankafunsa za benchi. Amayi ankayankha kuti ilipo. Anapitiriza kuyankha choncho zaka zonse, ndipo pamene amalume anabwereranso kumudzi msana unali utawakaniratu, moti sanathe kukaona okha.

Chimene chinasintha chinali njira yathu ya nkhuni. Kuyambira Loweruka lija amayi sanakhoterenso kumanzere pamphambano. Tinkapitirira, kudutsa chigwembe, kukwera mpaka pathanthwe, ngakhale nkhuni zinkapezeka m'munsi mwake. Ndinkadandaula kuti miyendo ikupweteka, kuti anzanga afika kale kunyumba, koma ankangoti ndiyende. Tikafika ankaika nkhwangwa pansi n'kukhala pamwala wozizira, pakati pa miyala ija, miyendo atatambasula, osapemphera, osalankhula. Ine ndinkaima pambali ndi zingwe m'manja, khosi likuwawa lisanasenze kanthu, ndikudabwa kuti munthu wotopa chotere, amene kunyumba ankadya ataimirira, akutalikitsiranji njira kuti adzakhale pamalo opanda kanthu. Ndinkaganiza kuti akudikira wakuba uja kuti abweze.